Njovu ya ku Nyumba ya Mfumu

Seoul, 6 Malichi 2016

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, mawondo akungovuta monga mwa masiku onse. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chikukana kutsazika. Zilembo ndakulitsa dala. Foni ndaileka, chifukwa ine ndimakuwa mpaka mwininyumba kugogoda khoma, inu uko mukungoti "eya, eya" pamene ndakufunsani dzina la mankhwala.

Ndalama ndatumiza kwa alamu, amake Hyang, osati kwa achimwene a Yonggil. Chifukwa chake mukuchidziwa. Agule malasha okwanira kuti pansi pogona pazifunda, ndi mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi. Chotsala akugulirenitu nsapato za mphira, matope ayandikira.

Ntchito ndi yomwe ija, kuveka alendo. Sitolo ya mayi Pyo ili pafupi ndi chipata cha nyumba yachifumu ya Gyeongbok, ndipo popeza wovala hanbok, zovala za makolo athu zija, amalowa ulere kumeneko, anthu amafola kuyambira m'mawa. Koma Bambo, zimene tikubwereketsazi malemu Mayi akanaziona akanalavula. Masiketi ali ndi waya mkati ngati chitatanga cha nkhuku, pamwamba waliwali, malamba a pachifuwa anamangiratu ku fakitale, ife timangobaya pini. Tsiku lina ndinamangira mtsikana wina lamba ndi manja monga Mayi anandiphunzitsira, mayi Pyo nkuti, "Kumsil, sitikuperekeza mkwatibwi pano, taona mzerewo." Anandiuzanso kuti alendo a ku China ndiziwalankhula mmene ndingathere, koma akalowa a konkuno ndizitseka pakamwa, ati kalankhulidwe kathu ka ku Yanbian, chigawo chathu cha ku China, kamathawitsa makasitomala. Kwathu ku Longjing amatitcha Akoreya, kuno ndine "azakhali a ku China". Ndazolowera.

Tsopano za ntchito imene munandituma. Sindinaiwale. Munati nyumba imene munabadwira kuno ku Seoul, agogo asanakuberekeni kumbuyo kukakwera sitima ya ku Manchuria, inali m'munsi mwa mpanda wa mfumu. Munati pansi pa mpandawo pankatuluka madzi otuwa ngati mkaka, amayi anu nkumachapa pamenepo, ndipo mkati mwa mpanda munali njovu. Nkhani imeneyi takula nayo, tinkaseka nayo pa chakudya. Koma achimwene sakusekanso. Anandiimbira sabata yatha, ati mutu wa bambo wayamba kusokonekera, njovu yafika poiuza ndi wa positi yemwe, ndiye akufuna akakusiyeni ku nyumba ya okalamba ku Yanji. Ndinawayankha mawu amene sindingalembe pano. Pamapeto pake tinagwirizana kuti adikire mpaka nthawi yokolola, ine ndifufuze. Ndikapeza kuti zimene mumanenazo zinalikodi, nkhani ya ku Yanji ithere pomwepo, ndipo mubwere mudzaone kwanu ndi maso anu.

Pakadali pano, chonde Bambo, njovuyo muyambe mwaimangirira. Alendo akabwera muzikamba za fodya ndi mtengo wa mpunga.

Ndine mwana wanu,
Kumsil


Seoul, 17 Epulo 2016

Okondedwa Bambo,

Mwadzuka bwanji ndi chifuwa chija? Ine ndilipo. Alamu akuti mwakana jekete imene ndinatumiza, ati ndi ya anyamata. Valani basi, ku Longjing kulibe amene akukuyang'anani.

Lachiwiri ku Gyeongbok amatseka, ndiye nafenso timapuma. Masiku opuma onsewa ndathera pozungulira mpanda wake wapansi. Mpanda ulipo, wautali mpaka mapazi kutupa, koma m'munsi mwake ndi phula, mabasi ndi apolisi. Madzi amene ndinaona ndi a m'botolo okha. Kenako ndinakwera ku Bukchon, kumene kwatsala nyumba zakale za madenga akuda opindika. Kukongola kwake, Bambo, mtima umachita kuwawa. Tinjira ting'onoting'ono, zitseko zamatabwa, mitsuko itandandalika pa khoma ngati kwathu, koma fungo la utsi mulibe. Eni ake anamata zikwangwani zopempha alendo kuti azitsitsa mawu. Pa khomo lina mtima unandigunda, ndinati mwina ndi pano. Nditasuzumira ndinapeza akugulitsa khofi, kapu imodzi mtengo wa nkhuku.

Ndinafunsa mtsikana wina woperekeza alendo, wa kambendera m'manja. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Njovu, azakhali? Kapena mukunena tizosema ta padenga tija?"

Anzake kikiki kumbuyo. Ndinachita manyazi, manyaziwo nkusanduka mkwiyo, ndipo ndisabise, amene ndinakwiyira ndinu.

Panopa mapeyala a m'phiri kwathu achita maluwa, si choncho? Ndikatsinzina ndimaona phiri lonse lili mbee, Mayi akubwera ndi dengu la ndiwo zakutchire, inu mukukangana ndi ng'ombe ya aneba athu a Chae pa mlatho. Kuno maluwa a matcheri anthu amawajambula ngati akwati, koma sanunkhira kanthu. Kimchi yawo, kabichi wosasitsa uja, amathira shuga. Ndimadya poti njala siisankha, koma pakhosi panga pali msuzi wa soya wa mu mtsuko wa kuseri kwa nyumba uja. Muwauze alamu azivundukula mtsukowo dzuwa likawala.

Zilembo zapendama chifukwa dzanja lamanja likunyong'onyeka ndi simbi. Si nkhani.

Alamu anandiuzanso za ketulo imene inapserera pamoto, ndi za tsiku lija anakupezani pa siteshoni muli ndi chikwama. Ndawauza kuti ketulo aliyense amaiwala. Za pa siteshonizo mudzandifotokozera nokha.

Ndine mwana wanu,
Kumsil


Seoul, 9 Juni 2016

Bambo,

Muli bwanji, ine ndili bwino, moni wotsala adikire kaye. Khalani pansi, ndipo muitane achimwene amve nawo.

Dzulo m'sitolo munalowa nkhalamba ziwiri za konkuno, bambo Ma ndi akazi awo agogo Sunnye. Ana awo anawalipirira kuti akajambulitse atavala hanbok, pokumbukira tsiku la ukwati wawo. Agogo Sunnye atangoona masiketi athu a waya anati, "Ichi ndivale ine? Ndine nyali?" Ndinapita kuseri nkukatenga yakale ya silika imene alendo saifuna, ndipo lamba ndinawamangira ndi manja, mayi Pyo akuona. Anagwira mfundoyo, nkundiyang'ana.

"Anakuphunzitsa ndani? Kumanga uku ndi kwa amayi anga."

"Amayi anga, ku Yanbian."

"Kani zinthu zathu zinathawira kumeneko."

Amuna awo anali atavala kale, akugogoda ndodo pansi.

"Amake mwana, tafulumirani. Tsiku loyamba lija munandidikiritsanso chonchi, mpaka njovu inakagona."

"Bodza lanu. Munachedwa ndinu, ndi nsapato zobwereka zija, zazikulu ngati mabwato."

"Koma munandilola ndili m'mabwato momwemo."

"Ndinakumverani chisoni."

Ine mapini anali atagwa kale m'manja. Ndinati, "Agogo, pepani, njovu yake iti?"

"Ya ku Changgyeong, nyumba yachifumu ya kum'mawa ija," anatero bambo Ma. "Iwe sudziwa? Atsamunda a ku Japan anaisandutsa kosungira nyama, kuti ufumu wathu unyozeke. Njovu, mikango, anyani, zonse zinali mmenemo kuyambira nthawi ya makolo athu mpaka ana athu ali ku sekondale, pamene boma linazisamutsa. Seoul yense ankafunsirana kumeneko. Achinyamata a lerowa sadziwa."

Bambo, ndinakhala pa mulu wa masiketi nkulira ngati mwana. Mayi Pyo anati ndikalirire kuseri, makasitomala akuona. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuzungulira mpanda wolakwika. Inu munkangoti "nyumba ya mfumu", ine nkuthamangira yaikulu imene ndimaiona tsiku ndi tsiku, ngati kuti mfumu inali ndi nyumba imodzi ngati ife.

Achimwene, ngati mukumva, njovu inaliko. A ku Yanji aja muwauze bedi lawo apatse wina.

Atsala madzi. Agogo Sunnye akuti nkhani ya madzi otuwa anaimvapo kwa apongozi awo, ndipo andipatsa nambala yawo. Ati ndipeze tsiku andiperekeze, koma Lachiwiri sangathe, amapita kukavina ndi anzawo a ku kalabu ya okalamba. Ndiona mmene ndingamupemphere mwini sitoloyu.

Tsopano moni uja: perekani kwa alamu, kwa Hyang ndi kwa a Chae. Njovu imasuleni, iuzeni aliyense amene mukufuna.

Ndine mwana wanu wokondwa,
Kumsil


Seoul, 24 Julaye 2016

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kutenthaku sikukukufooketsani. Muzimwa madzi, osati mowa wa a Chae. Ine ndili bwino ndithu.

Muona kuti adiresi yasintha. Mvula inalowa m'chipinda changa chapansi chija, ndiye ndikukhala kaye kwa mnzanga wina wa ku Tumen. Zambiri sizinawonongeke. Kwa mayi Pyo ndinasiyako. Tinasiyana maganizo pa Lachisanu lina limene ndinapempha, komanso pa za dzanjali. Panopa ndikutsuka mbale pa malo ena odyera, ndipo madzi ofunda akulithandiza. Mwezi uno ndatumiza zochepa, alamu asadandaule, wamawa ndidzakwaniritsa.

Koma Lachisanu limenelo silinapite pachabe. Madzi anu ndawapeza.

Changgyeong inagundana ndi inzake yotchedwa Changdeok, ndipo kuseri kwa Changdeok kuli mudzi wa Wonseo. Agogo Sunnye ananditsogolera m'kanjira kokwera, kotsata mpanda, akupuma pa khomo lililonse ndi kutukwana mawondo awo. Alendo kumeneko safika. Pali azimayi oyanika tsabola, kagalimoto kogulitsa mazira, basi. Kumapeto kwenikweni, pamene njira yathera, pali masitepe otsika, ndipo pansi pa mpanda pali kabowo. Madzi akutuluka mmenemo, nkumayenda pa miyala yosalala yochapirapo.

Ndinati, "Koma agogo, awa ndi madzi wamba."

"Ufuna atuwe ndi chiyani, mfumu kulibe? Apongozi anga ankati akazi a ku nyumba yachifumu ankasamba kumaso ndi gaga wa mpunga, zonsezo nkumatsikira mu mtsinjewu. Madzi ankatuluka ali mbuu, ndipo zovala zinkayera kuposa kwina kulikonse. Azimayi ankachita kulimbirana malo, ena mpaka kukokana tsitsi."

Ndinatsika nkuviika dzanja. Kuzizira kwake ngati kwa mtsinje wa kwathu. Agogo anga, amayi anu, sindinawaone ndi maso, ndimangowadziwa pa chithunzi chija cha pa kabati, koma pamenepo ndinawasowa ngati anandilera okha.

Nyumba yeniyeniyo musaiyembekezere, pamene ikanakhala anamangapo zosanjikizana za njerwa zofiira. Pobwerera tinadya zitumbuwa za nyemba zotentha, agogo Sunnye nkukana kuti ndilipire. Ati mwana wa ku Wonseo salipira kwawo.

Achimwene avomera. Mubwera mu Okutobala, masamba akafiira, ndipo iwo akuperekezani. Ati akufuna akaone ndi maso awo, ngati kuti ine ndimanama.

Ndine mwana wanu,
Kumsil


Seoul, 11 Seputembala 2016

Okondedwa Bambo,

Moni wa chikondwerero cha zokolola. Ndikhulupirira muli bwino ndipo mukudya. Chaka chinonso kumanda kwa Mayi mupita popanda ine. Achimwene amwete udzu bwinobwino, osati kungometa pamwamba, ndipo pothira mowa mutchule dzina langa. Mikate ya mpunga ya kuno ndi yokongola, ting'onoting'ono tamitundumitundu, koma ndikaluma ndimakumbuka mtondo wa kwathu, inu mukusinja, Mayi akutembenuza ndi dzanja lonyowa akukukalipirani kuti muwaphwanya zala.

Za ulendo mverani. Pasipoti asunge alamu mpaka tsiku lonyamuka. Mankhwala akhale m'thumba la achimwene. Mtsuko wa msuzi wa soya musanyamule, pa ndege sakulolani, ngakhale ndikuufuna. Zovala zambiri musavutike nazo, ndikukusokerani hanbok yanuyanu, yotuwa ndi chibakuwa, ya nsalu yeniyeni. Kwanu simungalowe ndi zobwereka. Ikuchedwa chifukwa ndikusoka pang'onopang'ono, singano ikumandipulumuka, koma itha.

Alamu akuti masiku ano Hyang mukumamuitana dzina la Mayi. Mwanayo wafanana nawo kwambiri, aliyense angasokoneze. Akutinso zina, koma alamu mukuwadziwa, kanthu kakang'ono amakakulitsa.

Ndidzakhala pa chipata potulukira, nditavala juzi yofiira. Mukadzandiona mudzanditchule dzina.

Ndine mwana wanu,
Kumsil


Seoul, 4 Disembala 2016

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Kuno chipale chofewa choyamba chagwa, kwanuko ndikudziwa chafika kale m'mawondo. Alamu, kalata iyi muwawerengere pang'onopang'ono, ndipo musaitaye.

Bambo, akuti m'mawa uliwonse mumavala hanbok ija nkukhala pakhomo ndi chikwama, kufunsa kuti ulendo wa ku Seoul ndi liti. Akakuuzani kuti munapita kale mumakwiya, mumati akukunamizani kuti asawononge ndalama. Akakuonetsani zithunzi mumati nkhalamba imeneyo simukuidziwa. Ndiye ndati ndikulembereni ine, amene ndinali nanu.

Munabwera, Bambo. Pa bwalo la ndege munandipatsa moni waulemu ngati mlendo, koma m'basi munandigwira dzanja nkundifunsa chimene chalitupitsa. M'mawa mwake ndinakuvekani hanbok, inakukhalani bwino, ndipo pa chipata cha Changgyeong mlonda anakuweramirani. Mkati muli kapinga, mitengo ya paini ndi nyumba zopentedwa bwino. Bambo Ma anabwera dala kudzakulozerani pamene panali khola la njovu. Munangoyang'anako pang'ono. Kenako munati muli ndi njala, ndipo tinakadya phala la maungu. Munamaliza mbale yanu ndi theka la yanga.

Masana tinakwera kanjira ka ku Wonseo. Titafika pamwamba pa masitepe munayang'ana mpanda, munayang'ana madzi, nkupukusa mutu.

"Si pano. Mpanda wa kwathu ndi wautali, uwu ndi wa khola la mbuzi."

Mtima wanga unagwa. Achimwene anayatsa fodya nkuyang'ana kumbali. Tinatsika nanu kuti mungosambako m'manja. Pansipo mawondo anakana, ndiye munakhala pa mwala wa m'munsi kwenikweni, pafupi ndi madzi. Mutakweza maso kuchokera pamenepo, nkhope yanu inasintha. Ine sindinaganize, Bambo, kuti malowo munawaona muli kamwana, mutu wanu usanapitirire dengu la zochapa.

Munayamba kulankhula ndi kalankhulidwe ka kuno, kofewa, kokweza mawu kumapeto, kamene chibadwire sindinakumveni nako. Munati amayi amakhala pa mwala uwo, amake Bokdong pa uwo, ndipo ana saloledwa kudutsa apa chifukwa ndi poterera. Munati mukakhala phee amayi amakupatsani mkute wa mpunga wopserera. Mayi wina wa m'mudzimo amene ankadutsa ndi galu anaima nkufunsa, "Agogo, ndinu a konkuno?"

Munati, "Eya. Kwathu ndi apo, pa chitseko chachiwiri."

Tinakhala mpaka dzuwa linapendeka. Pokwera masitepe miyendo inakanika, ndiye achimwene anagwada nkukuberekani kumbuyo. Muli pamsana pawo munawagwira m'khosi nkunena kuti, "Amayi, tidzere kwa njovu."

Achimwene anaima kaye. Kenako anati, "Eya, tidzera konko." Anayenda nanu choncho kanjira konse mpaka kumsewu, osalola kuti ndiwalandire, ndipo nkhope sanafune kuti ndiione.

Zinayenda choncho, Bambo. Kwanu munafika, ndipo anthu akwanu anakulandirani.

Za ku Yanji takambirana ndi achimwene, ulendo uno popanda kukalipirana. Iwo sananame, inunso simunaname, ndipo ine ndinkamva zimene alamu ankanena, kungoti sindinkafuna. Zikundiwawa kwambiri. Koma kumeneko simupita. Kuntchito ndatsazika kale, ndikubwera chaka chisanathe, ndipo kuno sindibwereranso. Alamu andikonzere chipinda chaching'ono chija, makatoni a achimwene achoke.

Ndiye mukamadzafunsa za ulendo muzidzafunsa ine. Ndizidzakufotokozerani m'mawa uliwonse, kuyambira pa bwalo la ndege mpaka pa mwala uja. Mukapanda kundikhulupirira sindidzakwiya. Ifenso tinatha zaka zonse zija tikukusekani.

Ndine Kumsil, mwana wanu wamkazi, wopondana ndi Yonggil.